Voti Imene Inasowa pa Sukulu

Zingalume,
Chadiza.
6 Sepitembala 2021

Okondedwa akulu anga a Deborah,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana muli bwino ku Kitweko. Kuno tikudzuka, kungoti amayi bondo lija layambanso. Ndalemba kalata chifukwa pafoni mawu awa sangatuluke, ndayesa kawiri konse n'kumangokufunsani za ana.

Munamva kale kuti atate anagwa pa chisankho cha ukhansala. Chipani chitawasiya n'kutenga a Innocent Sakala, aja anali aphunzitsi, tonse tinawapempha kuti apume, zaka khumi zakwana. Iwo anakana, anaima paokha. Anazungulira wadi yonse panjinga, jekete ili pathupi, fumbi mpaka m'nsidze. Zotsatira za pasukulu yathu, pamene tinavotera, zitamatidwa pachitseko, a Sakala anali ndi mavoti opitirira mazana atatu, atate khumi ndi asanu ndi awiri.

Kugwako sikunawapweteke ngati nambalayo. Anali ndi pepala m'Baibulo lawo pamene analemba anthu amene sakanawataya: ife a pabanja ndi akulu a mpingo anzawo. Mayina anali khumi ndi asanu ndi atatu. Tsiku lililonse ankakhala pakhonde n'kumawerenga ndi chala, kufuna mmodzi amene anasowayo. Mapeto ake chala chinaima pa Leah, mkazi wa mlongo wathu Ezekiel, chifukwa amalume ake ankavina pa misonkhano ya a Sakala.

Sanamukalipire. Anangosiya kudya chimene waphika. Leah akabwera ndi madzi osamba m'manja, iwo ankayang'ana kumbali. Tsiku lina anagwada n'kunena kuti, "Apongozi, ine ndinachonga pa nkhope yanu, Mulungu akundiona." Atate anayankha kuti, "Musavutike, amayi, voti ndi yachinsinsi." Patapita sabata, Leah anamanga zovala zake pachitenje, nabereka mwana, n'kupita kwawo ku Mlolo wapansi. Ezekiel anasiya kulankhula ndi aliyense.

Akulu anga, munthu anasowayo ndine.

Mukudziwa zimene zinandichitikira mu Febuluwale, pamene ngolo yonditengera ku kiliniki inaima pamtsinje kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, madzi atadzaza, ng'ombe zikukana kulowa. Mukudziwa kuti mwana anabadwira pansi pa mtengo tsidya lino ndipo sanalire. Chimene sindinakuuzeni ndi ichi. Mu Juni, a Juliana a m'komiti ya chitukuko cha wadi anandipeza kuchigayo. Ankaganiza kuti ndikudziwa kale. Anati chaka chatha komiti inafunsidwa kusankha chimodzi, kalavati yowolokerapo pamtsinje uja kapena shedi ya pamsika. Ambiri ankafuna kalavati. Atate ndi amene anawatembenuza, amvekere shedi ili pamsewu, aliyense adzaiona, pamene kalavati ili kutchire.

Atate sindinawafunse. Ndinapitiriza kuwachapira jekete ndi kuphikira anthu awo a kampeni. Pa tsiku lovota ndinaima pamzere kumbuyo kwa amayi, masiki kukamwa. Anandipatsa mapepala anayi. Atatu aja, la pulezidenti, la phungu ndi la tcheyamani wa khonsolo, ndinachonga msanga. Lachinayi ndinaligwira nthawi yaitali. Chithunzi cha atate chinali chija anajambulitsa ku Chipata, akumwetulira, tayi itapendama. Ndinachonga pa a Sakala, munthu amene sindinalankhulepo naye. Potuluka ndinapeza atate pabwalo, anandigwira dzanja kuona inki pachala, nati, "Wachita bwino, mwana wanga."

Leah atachoka ndinakhala masiku anayi ndikudziuza kuti abwera yekha. Lachisanu lapitali ndinawatsatira atate kudimba, kumene ankathirira repu. Ndinagwada pamzere n'kuwauza zonse, za a Juliana, za kalavati, za pepala lachinayi. Anatsiriza kaye madzi a m'kheni, kenako anakhala pa chitsa.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo," anatero. "Maso ako pamwamba pa kansalu kaja sanandiyang'ane."

"Nanga Leah mumamuzunziranji, atate?"

"Ndinkafuna akhale iyeyo."

Ndinadikira kuti anene za mwana, kaya kupepesa, kaya kudziteteza, ngakhale kundikalipira kumene. Anangoti shedi ija amayi ambiri akugulitsiramo tomato osanyowa. Anatenga kheni n'kubwerera kuchitsime.

Loweruka m'mawa anapalasa njinga mpaka ku Mlolo. Anakapepesa pamaso pa amalume ake a Leah omwe aja, chipewa chili m'manja. Leah anawalandira bwino, anawaphera nkhuku, ndipo akuti anadya. Koma kubwera wakana. Wati adzaona mvula ikagwa. Ezekiel tsopano akudziwa kuti ndine, ndipo tikakumana panjira amayang'ana kutchire. Amayi anangonditumizira nyemba pambale yovundikira.

Atate sanandithamangitse, ndipo mwina zikanakhala bwino akanatero. Kuyambira ndili mwana amanditchula kuti iwe Lefina. Dzulo kutchalitchi anandipatsa dzanja ngati mlendo, nati, "Mwadzuka bwanji, amayi?" Pakhomo pawo sipafikanso munthu wofuna kalata kapena siginecha. Jekete amavalabe m'mawa uliwonse, n'kukhala nayo pakhonde mpaka kutenthe.

Musandifunse ngati ndikudandaula, chifukwa sindidziwa. Za Leah ndikudandaula usana ndi usiku. Za pepala lija, ndikaganiza zobwerera m'kachipinda kovotera, dzanja langa limapitabe pomwe lija. A Sakala alonjeza kalavati mvula isanayambe. Mwezi uno ndi Sepitembala, ndipo pamtsinje palibe ngakhale mwala umodzi.

Pempho langa ndi ili. Muwaimbire atate Lamlungu, musatchule za chisankho, muwafunse za dimba ndi ng'ombe. Inu amakumverani. Ngati alamu angakuloleni kubwera pa Khirisimasi, mudzere ku Mlolo, mwina Leah angamve mawu a munthu amene sanamulakwire. Shawelo ija munagulira mwana musatumizenso, mupatse wina kumeneko.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Lily ndi Stephen, muwauze kuti mtedza wawo ndasunga. A Trywell, bambo a kunyumba kuno, akupereka moni. Amayi akuti mafuta opaka bondo aja anathandiza. Ezekiel sindinathe kumufunsa. Atate sadziwa kuti ndikulemba, koma ndikanawauza akanati ndikupatseni moni, choncho landirani.

Ndine mng'ono wanu,
Lefina Mvula