Injini Yopakidwa Penti Mpaka pa Mabawuti

Bambo a Tisungane,

Mukaweruka ku esiteti musakuwe kuti kwabwera akuba. Injini akufuna kukugulitsani a Winston ija ndainyamula ine pa kabaza. Ndapita nayo ku Luchenza kwa achimwene anga amakanika, akaitsegule.

Mtima wanga ukuikana. Eni akewo akuti ndi yatsopano, nanga penti wafika bwanji mpaka pa mabawuti? Pamene pamakhala nambala ndi popalapala. Dzulo inalira kamodzin'kamodzi inu n'kuomba m'manja, koma ine ndinali nditaikhudza asanailize. Inali yotentha kale.

Njinga ya matayala atatu mukupangayi izikwera chitunda cha kumunda kwathu, matumba a tiyi ali kumbuyo, ine pamwamba pake. Ikakazima pakati pa chitunda, wogubuduka ndani?

A Winston akabwera madzulo, musavomere chilichonse mpaka ndibwere. Tcheni chawo chijanso chikaneni, chaonda ngati cha njinga yakapalasa.

Pepani, ponyamula ndatayira oyilo m'jombo zanu. Musanakwiye, suzumiranimo. Ndi wakuda bii! Yatsopano imeneyo?

Ndine,
Lestina