Maungu anu anafika ku Baltimore

Amayi, kumene muliko kukucha bwanji? Kuno tilipo. Chisanu chayamba, mitengo ikuthothoka masamba, ndipo ine ndidakasambitsabe nkhalamba za eni ake ku Fairfax, ine amene mapepala okhalira m'dziko lino anandikaniza kubwera kudzakusambitsani inu. Mdzukulu wanu Yamikani wayamba sukulu, ndikamulankhula Chichewa amandiyankha Chingerezi osaphethira n'komwe. Kumudzi achemwali Esnat alandira mdzukulu wamkazi ndipo amupatsa dzina lanu. Nkhani zabwino zathera pomwepa. Zotsalazi ndikulemba chifukwa mwana wanu Fredson wandipsetsa mtima ndipo ndilibe kwina kokamuneneza.

Munamva musanatisiye kuti wapeza ntchito ku yunivesite kuno ku College Park. Maliro anu atatha, iye ndi mkazi wake Grace analongedza katundu wawo wa m'nyumba mu kontena, chibokosi chachitsulo chotalika ngati basi, kuti chipite pa lole mpaka ku Durban, kenako pa sitima ya pamadzi. Nditamva, ndinaimbira achemwali kuwapempha chinthu chimodzi chokha. Nsalu zanu ndi mbale zanu agawane omwe anali pamaliro, ine anditumizire maungu amene munakolola komaliza, aja obiriwira, a khungu la njerewere, ofumbutuka bwino. Sindinaponye dothi pamanda anu. Ndinkafuna kudya chinthu chimene manja anu anabzala, nthanga zake ndisunge. Maungu anu amatha miyezi ali padenga osawola, choncho ulendo wa panyanja sunandiopse.

Chimene sindinadziwe n'chakuti mlamu wanga anali ndi nzeru zake. Anamva kuti kuno chambo kulibe, ndiye anagula chambo chodzadza firiji yaikulu ija yotsekula pamwamba, n'kuchiumitsa gwa ngati miyala. Tsiku lolongedza anazula chingwe cha magetsi, n'kumata chitseko ndi tepi, n'kuikulunga firijiyo m'mabulangete. Akuti magetsi akazima ku Lilongwe nsomba zimakhalabe zouma bola osatsekula, ndiye ikakhala chitsekere mpaka ku Amereka chingavute n'chiyani? Komanso akuti panyanja pamazizira. Amayi, nsomba ndi nyama zimawolokadi nyanja, koma zimakwera makontena akeake okhala ndi makina oziziritsa amene amalira usana ndi usiku ulendo wonse. Munthu wa kampani yonyamula katundu anawauza zimenezi, anawaletsanso kuika chakudya. Fredson anamva, koma mkazi wake sanamuletse, firiji n'kulowa madzulo munthuyo atachoka. Maungu anu anawaika m'dengu pambali pake penipeni.

Miyezi itatu yathunthu chibokosicho chinali panjira, chikupsa ndi dzuwa. Chitafika ku doko la Baltimore anatiitana kunyumba yosungiramo katundu, ndipo ndinapempha tchuthi kuntchito, ndinavala ngati ndikukalandira mlendo. Fungo linatichingamira tisanatsike galimoto. Ine ntchito yanga ndi ya matewera a anthu akuluakulu, mphuno yanga inazolowera zambiri, koma lija linandigwetsa misozi. Firiji inali itaphulika chitseko, madzi akuda atayenderera pansi ponse, mphutsi zili nyakanyaka m'mabulangete. Grace anayamba kulira mipando yake ya sofa.

Ine ndinavala magolovesi n'kulowa. Maungu ambiri anali ataphwanyika, koma atatu apamwamba anali athunthu. Ndinanyamula limodzi n'kuligogoda ngati mmene munkachitira, ndipo linayankha bwinobwino. Pafupi ndi phesi panali kamtanda kaja kamene munkakanda ndi chikhadabo. Ndinamva mawu anu m'khutu: "Ili ndi la mbewu, wolikhudza ndithana naye." Ndinalikumbatira pachifuwa, diresi langa labwino lonse litathimbirira.

Woyendera katundu anali mayi wa yunifolomu, ndipo sanali wankhanza. Anandiuza kuti chakudya chonse cha m'menemo chikawotchedwa, popeza chanyowa ndi zowola, komanso mbewu zosaphika sizilowa popanda chilolezo. Ndinamupempha nthanga zodzadza dzanja limodzi. Ndinamuuza kuti mwini wake anamwalira ndipo ine sindinamuike. Ndinaona kuti mtima wake wagwedezeka, anatembenukira kwa Fredson monga mwini katundu, kumufunsa ngati akufuna kuti nkhaniyi ipite kwa mkulu wawo. Mwina mkuluyo akanakana, sindikudziwa. Koma mwana wanu, amene ndinamubereka kumsana inu muli kudimba, anati: "No, no, it's fine, tayani zonse." Kenako kwa ine chapansipansi: "Achemwali, mukutichititsa manyazi. Ndi maungu chabe awa." Anandilanda dzungulo m'manja iye mwini, n'kuliponya m'thumba lakuda.

Munkandiuza kawirikawiri kuti, "Dorika, pakamwa pakopo uzipasunga." Tsiku limenelo ndinapasungadi, moti tinabwerera njira yonse popanda wotsokomola. Koma Lamulungu lotsatira kutchalitchi ndinapeza mlamu wanga akuuza amayi a ku Zambia kuti chinayamba kuwola ndi maungu akumudzi amene anawakakamiza kunyamula. Za chambo sanatchule ngakhale chipsepse. Apo ndiye ndinapamasula, amayi, pakhomo la tchalitchi pomwepo, mpaka abusa anatuluka. Sindikupepesa.

Ndipo onani chipongwe cha dziko lino. Mwezi uno khomo lililonse lili ndi dzungu. Amagula maungu akuluakulu ofiira, n'kuwakumba m'kati, nthanga n'kutaya ku zinyalala, n'kuwasema maso ndi mano, n'kuikamo kandulo kuti ana azisangalala. Amawasiya pakhonde mpaka awole, agologolo akuwadya. Ndikamapita kokwerera basi ndimadutsa pakati pa maungu ondisekerera ndi mano awo osemawo, m'dziko lomwe linawotcha anu.

Dzulo Fredson anabwera kunyumba atanyamula limodzi mwa amenewo, lalikulu ngati mtsuko, pepala la mtengo lidakali pomwepo. Akuti, "Ndabweza, achemwali. Dzungu ndi dzungu." Munthu wophunzitsa ku yunivesite! Ndinamuuza kuti akalipatse mkazi wake aliike mu firiji alimate tepi. Yamikani anaseka, Fredson anatuluka nalo dzungu lake, ndipo ine ndinakhala pansi m'khitchini n'kulira ngati uthenga wa maliro wangofika kumene.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi foni ya m'mawa uno. Ndinaimbira achemwali Esnat kuwafotokozera, n'kuwauza kuti mvula ikagwa abzale nthanga zanu zambiri, ndidzadye ndikadzabwera. Iwo anati, "Dorika, a mbewu onse ndinakutumizira iwe. Ena aja tinaphikira anthu pamaliro. Ndinkati iwe ndiwe sunalire nafe, usankhe wekha, nthanga udzatitumizire." M'nyumba mwanu mulibe ngakhale nthanga imodzi, amayi. Mbewu imene munachoka nayo kwa amayi anu pokwatiwa inathera m'ng'anjo ku Baltimore, chifukwa cha munthu wofuna kudya chambo ku Amereka ndi mwamuna woopa kumuletsa.

Ndikudziwa chimene mukanati munene, kuti ndi mlongo wanga, tinayamwa bere limodzi. Ndidzamukhululukira, koma chaka chino musandiumirize.

Lonjezo langa ndi ili. Mapepala akadzatuluka ndidzabwera nthawi yokolola, ndipo ndisanapite kumanda kwanu ndidzayenda khomo ndi khomo m'mudzi monse, mpaka kutsidya kwa dambo. Inu simunkamana munthu, ndiye payenera kukhala mayi wina amene munamutapirako nthanga pansonga ya chitenje. Ndidzagogoda dzungu lililonse padenga lililonse mpaka ndidzapeze lanu. Ndipo Fredson ndidzamutenga, ndiye adzasenze dengu.

Gonani bwino, amayi anga. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Dorika