Dzanja la Norah

Dambwa North,
Livingstone.

Amayi anga okondedwa,

Moni wochokera kuno ku Livingstone. Muli bwanji kumeneko ku Katete? Nanga mvula yayamba? Ine ndilipo, mdzukulu wanu Maambo nayenso akukula. Malonda anga a zovala za salaula pa msika wa Maramba akungoyenda pang'onopang'ono.

Ndalemba kalata chifukwa foni yanu amayankha aliyense pakhomopo, pomwe nkhaniyi ndi ya inu nokha.

Mkulu wanga Norah wathyoka dzanja, pano ali m'chikhakha. Anandiuza kuti anaterereka akuchapa, n'kutsamira dzanjalo pansi. Sindinamukhulupirire. Chaka chatha inali nthiti, akuti anagunda pangodya ya tebulo. Munthu wa zaka makumi atatu ndi zinayi angamathyoke ngati phesi louma?

Maganizo anga anathamangira kwa bamulamu, baSilumesii. Mukudziwa kuti sindinawakondepo. Amaseka ndi alendo amene amawanyamula ku eyapoti, koma kunyumba duu. Komanso m'nyumbamo mulibe mwana, ndipo ndaona amuna ambiri akumenya mkazi pa chifukwa chimenecho.

Ndinayamba kumafika kwawo osanena. Ndinafunsa baMukatimui, oyandikana nawo nyumba, ngati amamvako kulira. Anati iwo amangoona Norah akutsegula mawindo onse ngakhale m'mwezi wa Juni kukuzizira, uku akudzikupiza ndi chitenje. Sindinakhutire. Ndinawalondola bamulamu pamene amaimika galimoto, n'kuwauza pamaso pa madalaivala anzawo kuti ndikupita kupolisi. Sanakalipe. Anangoti ngati Norah angalole, ndipite nawo kuchipatala ndikadzimvere ndekha.

Norah analola monyinyirika. Dokotala wake, mayi wofatsa, anandifotokozera kuti Norah anasiya kusamba asanakwanitse zaka makumi atatu. Mazira ake anatha msanga, ndipo mahomoni amene amateteza mafupa a mkazi anachepa. Kuyambira pamenepo mafupa akhala akudyeka mkati mwakachetechete, ngati nsichi yofumbwa. Atamupima pa makina ku Lusaka anapeza kuti msana ndi chiuno nazonso zafooka. Amuyambitsa mankhwala obwezeretsa mahomoni, ndipo amuuza kuti azidya kapenta ndi mkaka, aziyenda padzuwa. Dokotalayo anati akanabwera kale, mwina dzanjalo silikanathyoka.

Norah anabisa zonsezi chifukwa cha manyazi. Ankadziwa ndi bamulamu okha, ndipo akuti kwa abale awo ku Mongu amanena kuti vuto la kusabereka lili ndi iwo eni, osati Norah. Ndinakapepesa kwa bamulamuwo. Koma sindinama, ndikakumana ndi Norah maso anga amayambabe ayang'ana m'khosi ndi m'mikono.

Tisanatuluke m'chipatala muja, dokotala anafunsa ngati kwathu kuli wina amene anasiya kusamba msanga. Tonse tinati sitikudziwa. Koma ndili m'minibasi pobwerera, ndinayamba kukumbukira zinthu.

Amayi, munandibereka muli mtsikana, ndipo pambuyo panga sipanabwere wina. Munkatiuza kuti atate ndi amene anati ana awiri akwana. Nanga n'chifukwa chiyani atate omwewo anakakwatira ku Chadiza n'kuberekako ana ena ambiri? Ndimakumbukira mukudzithira madzi kumutu ife tikunjenjemera ndi chisanu. Msana wanu unapindika anzanu akulimabe mowongoka, inu mukuti ndi khasu. Amayi aang'ono anathyoka chiuno potsika pa ngolo, mudzi wonse n'kumati awalodza. Ndipo tsiku la ukwati wa Norah munamukokera kuseri, mukulira, n'kumuuza kuti asadikire, abereke chaka chomwecho. Ine ndinali pakhomo, ndinamva. Iye anaseka, akuti ayambe wamaliza kosi.

Ndikukayika kuti simunkadziwa. Dzina la matendawa mwina simulidziwa, koma thupi lanu munkalimva. Munatiphunzitsa kugwada, kuphika, kulemekeza apongozi. Ichi chokha munachisunga.

Ndikudziwa kuti mwana safunsa mayi ake za kumwezi. Mukhululuke, ndaphwanya mwambo. Sindikufuna kukuimbani mlandu. Mwina inunso panalibe amene anakuuzani, mwina munkaopa kuti amuna akamva adzatithawa. Ndikungopempha zoona. Munasiya muli ndi zaka zingati? Nanga amayi aang'ono? Nanga agogo? Ngati simungathe kundiuza ine, uzani anamwino a pa kiliniki yanu andiimbire. Ndipo inunso muwauze akuoneni msanawo.

Ndikufunsa mokakamiza chonchi chifukwa nanenso papita miyezi ingapo osasamba. Ndapimitsa, ndilibe pakati. Norah sindinamuuze. Lolemba ndikatengetsa magazi, ndipo dokotala akadzandifunsanso za kwathu sindikufuna kudzayankha kuti sindikudziwa. Maambo ndi mwana wamkazi, Amayi. Ine ndidzamuuza.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi banja lawo, ndi kwa amayi aang'ono. Muwauze kuti nsapato zofewa zija ndazipeza m'belo latsopano. Mulungu akusungeni, ndipo muziyenda mosamala kukagwa mvula.

Ndine mwana wanu,
Cheryl