Miyendo ya Chikasu

Filomena, 07:12
a Alufeo mwadzuka bwanji. kalata ija ndikuifuna lero. mungolemba kt galu wathu anamenyedwa, inu ndinu alangizi a ziweto kubwalo la mfumu akakumverani

Filomena, 07:13
a Zefaniya ananena pamaso pathu kt Chikasu akadzalowanso mdimba lao la kachewere adzamuthyola miyendo. pano miyendo yatupa akt sakudziwa kanthu. poti ife ndife osauka eti

a Alufeo a Ziweto, 07:40
Tadzuka chemwali. Kalata sindilemba. Ndinamugwira ndekha dzulo, palibe fupa lothyoka.

Filomena, 07:41
[uthenga wa mawu, 1:52]

a Alufeo a Ziweto, 07:50
Mwanditukwana mokwanira. A Zefaniya sanandipatse nkhuku iliyonse. Tamugwireni galuyo. Werengani nokha, miyendo yotupa ndi ingati?

Filomena, 07:58
yonse 4
yolimba gwa ngati mpini wa khasu. ndadina, chala sichikulowa

a Alufeo a Ziweto, 08:03
Womenya galu satupitsa miyendo inayi mofanana. Limenelo ndi fupa likumera pamwamba pa fupa linzake. Koma matenda enieni sali m'miyendo, amakhala m'kati, kawirikawiri m'chifuwa. Amatsokomola?

Filomena, 08:04
eya. waondanso, nthiti zili pamtunda
ine 3 weeks ndikumumanga timitengo ndi nsanza ngati wothyoka

a Alufeo a Ziweto, 08:11
Chikhoza kukhala chotupa m'mapapo. Nthawi zina, osati kawirikawiri, ndi TB, ndipo galu amaitenga kwa munthu. Pakhomopo alipo akutsokomola?

a Alufeo a Ziweto, 08:50
Filomena?

Filomena, 09:36
abambo

Filomena, 09:37
chiyambire dzinja latha. amati nkuzizira kwa kuno ku Mphunzi basi
Chikasu amagona kumapazi kwao. kachitini kamene amalavuliramo amanyambita, timangomuthamangitsa

a Alufeo a Ziweto, 09:40
Ine si dokotala wa anthu, ndipo mwina si zimenezo. Koma apite kuchipatala akayezetse makhololo. Nonse a m'nyumbamo.

Filomena, 09:44
[chithunzi]
dzanja lao pa khirisimasi. pangani zoom muone zala. zotupa kumapeto, zikhadabo zopindika. ndinkawaseka kt khasu lawapatsa zala za chule
mulungu wanga ndinkawaseka

a Alufeo a Ziweto, 09:46
Ali kuti panopa?

Filomena, 09:47
kuphiri ku Chongoni kotola nkhuni, ananyamuka 6
miyendo isanatupe, masiku onse amapita ndi Chikasu. mpweya ukawathera nkukhala pansi, galu amathamanga kudzatiitana. kawiri konse zachitika. lero ali okha

Filomena, 09:55
foni yao ikungolira

Filomena, 10:02
osayankhabe. Chikasu akuyang'ana njira ya kuphiri, akufuna kudzuka kma akugwa

a Alufeo a Ziweto, 10:03
Pezani njinga yamoto. Ine ndili ku Mayani, ndichedwa.

Filomena, 10:05
mudzi uno ali nayo ndi a Zefaniya okha
dzulo ndinawagwetsera mpanda wa dimba. ndinawatchula wakupha pa mjigo anthu onse akumva

a Alufeo a Ziweto, 10:05
Pitani.

Filomena, 10:19
ndili pakhomo pao. ndagwada. akungondiyang'ana

Filomena, 10:26
aliza njinga. ati za mpanda tidzakamba, ndikwere, njira ya nkhuni ya abambo akuidziwa

a Alufeo a Ziweto, 11:30
Mwawapeza?

Filomena, 11:52
network ikuvuta
tapeza mtolo wao panjira, womanga kale. chipewa chili pamwamba pake
a Zefaniya atsikira kumtsinje akuitana

a Alufeo a Ziweto, 11:53
Nanga eni ake?

a Alufeo a Ziweto, 12:20
Ndaika madzi pafupi ndi Chikasu, wakwawa mpaka panjira. Ndili pakhomo panu.

a Alufeo a Ziweto, 12:58
Chemwali, ndiyankheni.