Kathanki kathu kanaboola sefuliya ya eni nyumba

Aphungu,

Pepani kuti ndikukutayitsani nthawi ndi nkhani ya guluu, pamene anzanga amakulemberani zikuluzikulu za matenda ndi maukwati. Ndinachita manyazi kulemba. Koma kuno ndilibe woti ndimufunse osandiseka, ndipo nkhani ya guluuyi yafika pakhomo la banja langa.

Ndine mayi wa mwana mmodzi, dzina lake Ipyana. Sukulu ndinalekezera sitandade seveni. Amuna anga, a Gwakisa, amakonza mawailesi ndi zokuzira mawu, makamaka za makwaya a m'matchalitchi. Ampulifaya ikapsa kabodi ka m'kati, kaja kokhala ndi tinjira ta mkuwa, iwo amapanga kena okha. Amatenga kabodi kokutidwa mkuwa, timajambulapo tinjira ndi cholembera cha inki yosafufutika, kenako timakaviika m'mankhwala otchedwa feriki. Mankhwalawo amadya mkuwa wonse, n'kusiya pokhapo pamene pali inki. Kujambulako ndi ntchito yanga, chifukwa dzanja langa linazolowera kupeta nsalu ndipo silinjenjemera. Tsiku limene ndinajambula kabodi koyamba, abambo a Ipyana anakayang'ana padzuwa n'kunena kuti, "Iwe, ndiye ndinakwatira injiniya osadziwa? Malowolo aja anachepa!" Aphungu, palibe ntchito ina imene inandisangalatsapo ngati imeneyi.

Poyamba tinkaviika timabodi m'bakuli la pulasitiki, n'kumaligwedeza ndi manja. Tsiku lina kunabwera amayi a kwaya kudzatenga ampulifaya yawo, ndipo anandipeza ndikugwedeza bakulilo pakhonde. Mmodzi anati, "Alamu, msuzi wanji umenewu? Tigawireniko, tabwera ndi njala." Wina anati, "Ndiye nyimbo zathu zonse zija zimachokera m'bakuli la ndiwo?" Ankangocheza, ndikudziwa. Koma ine nkhope inatentha tsiku lonse.

Ndinali nditaonapo pa foni kathanki koimirira, koonekera m'kati, kamene anthu ena amaviikamo timabodi. Ndinayamba kuwakakamiza amuna anga kuti nafenso tikhale nako. Iwo anati, "Amake Ipyana, bakulili latilakwira chiyani?" Sindinawamvere. Potsiriza anapita kwa mnzawo wolemba zikwangwani, ndipo anabwerako ndi zidutswa za pulasitiki wolimba woonekera ngati galasi. Anazidula bwinobwino. Kunatsala guluu, ndipo popeza iwo anali ndi ntchito yambiri, anandituma ine ku sitolo ya zipangizo pa msika wa Mwanjelwa.

M'sitolomo munadzaza amuna, amisiri okhaokha. Nditafika kutsogolo ndinanena motsitsa mawu kuti ndikufuna guluu wolimba kwambiri. Wogulitsa anakweza mawu kuti onse amve. "Wolimba motani, alamu? Womata nsapato kapena womata banja?" Anthu anaseka. Mawu onse amene ndinakonza m'njira, onena za mankhwala, anandithawa. Iye anatulutsa timachubu tiwiri tosakaniza n'kunena kuti, "Uyu ndi wachitsulo, amamata ngakhale injini ya bajaji. Akamatuka mubwere mudzandimate pakamwa." Ndinalipira n'kutuluka mothamanga.

Sindinachite mwaphuma, Aphungu, ndikufuna mudziwe zimenezo. Ndinatsuka m'mphepete mwa zidutswa zonse, ndinapalapo ndi sandipepala, ndinasakaniza guluu mofanana monga zinajambulidwa pa pepala lake, ndinamanga ndi malegeni kuti zisasunthe. Atauma ndinadzaza madzi, ndinayala nyuzipepala pansi pake, ndipo ndinasiya choncho sabata yathunthu. M'mawa uliwonse ndinkagwira nyuzipepalayo. Inali youma. Pamenepo m'pamene tinathiramo mankhwala.

Kathankiko kanagwira ntchito bwino, timabodi tinkatuluka toyera kuposa kale. Poopa mwana, tinakaika pa shelefu yapamwamba m'kachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa nyumba, kamene timagwiritsa ntchito tonse a pabwalo pano. Mankhwala tinkawasiya momwemo. Pansi pa shelefuyo m'pamene eni nyumba, Mayi Tumpale, amasunga masefuliya awo akuluakulu amene amabwereketsa pa maukwati ndi pa maliro.

Loweruka lina m'mawa kunagwa maliro m'dera lathu, ndipo amayi a m'deralo anabwera kudzanyamula masefuliyawo. Atakweza yaikulu kwambiri, anaona kuwala kukudutsa pansi pake. Panali tizibowo tambirimbiri ngati sefa, ndi matope ofiira m'kati. Nditakwera pa mpando kuyang'ana kathanki, ndinapeza guluu wa pangodya wada ndipo wafewa, akunyenyeka ndi chala. Kanali kakudontha pang'onopang'ono kwa masiku amene sindikuwadziwa.

Mayi Tumpale akanakalipa, mwina mtima wanga ukanapepuka. Sanakalipe. Anakhala pa mwala, sefuliya ili pamiyendo, n'kunena kuti, "Iyi inaphika mpunga wa pa ukwati wanga. Inaphikanso pa maliro a amuna anga." Abambo a Ipyana anagwada n'kunena kuti agula ina yonga yomweyo. Mayi Tumpale anayankha kuti, "Mugula, mwana wanga, masitolo adzaza. Koma yatsopanoyo idzakhala ikundidziwa?" Madzulo anatiitana n'kutiuza kuti sakutithamangitsa pomvera chisoni mwana, koma chilichonse chimene tidzathiremo mankhwalawo ayambe achiona ndi maso awo. "Dontho lina limodzi pamalo panga, mumange katundu."

Chichokereni tsiku limenelo amuna anga sanandidzudzule ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo n'zimene zikundipweteka. Timabodi anasiya kupanga. Bakuli lija salifunanso, akuti akaliona amaona nkhope ya Mayi Tumpale. Makwaya akabweretsa ampulifaya yopsa, amawabweza. Achimwene awo, a Ambokile, amene amakumba golide ku Chunya, akuimba foni tsiku ndi tsiku kuti kuli malo. Dzana amuna anga anandiuza kuti, "Amake Ipyana, mwina mkuwa si wanga. Mwezi uno ukatha ndikayese golide." Aphungu, mlongo wanga weniweni anapita ku maenje amenewo ali wamphamvu. Anabwerako akutsokomola, ndipo lero sangathe kunyamula ndowa ya madzi. Ndinalira. Amuna anga anati, "Chabwino, ukandionetsa thanki yosadontha, ndikhala. Koma ine sindimatanso kanthu."

Dzulo ndinabwerera ku sitolo kuja. Ulendo uno ndinalimba mtima n'kufotokoza zonse. Wogulitsa anangoti, "Aa, alamu, bwanji simunanene?" Anandiyalira supagulu, silikoni, guluu wa mapaipi a madzi, ndi timitengo ta guluu wosungunula ndi kamfuti ka magetsi. Nditafunsa kuti wabwino ndi uti, anati onse ndi olimba. Sindinagule chilichonse. Ndikuopa kusankha, chifukwa ndikalakwitsanso titaya nyumba, ndipo amuna anga akwera basi.

Ndi guluu uti amene mankhwalawa sangamudye? Nanga ndingadziwe bwanji ndisanathiremo, popeza madzi anandinamiza? Ndimakhala ndikuganiza kuti ndikanangoseka nawo amayi a kwaya aja, lero tikanakhala pamtendere. Chonde ndiyankheni msanga, mwezi wapita kale pakati ndipo amuna anga chikwama chawo cha ulendo achitsitsa pamwamba pa kabati.

N. M., Mbeya

Amake Ipyana,

Pukutani misozi, tikambe za ntchito. Simunanditayitse nthawi. Nkhani yanu ndinapita nayo kwa mphunzitsi wa zamagetsi ndi kwa mmisiri wa zikwangwani, ndipo onse awiri anagwirizana.

Guluu wachitsulo uja ndi wolimbadi, koma m'kati mwake muli ufa wa chitsulo, ndipo ntchito ya mankhwala anuwo ndi kudya zitsulo. Munawapatsa chakudya. Komanso guluu wamtundu umenewo sagwira bwino pa pulasitiki wosalala. Madzi sanakunamizeni, anakuuzani zoona za madzi basi. Kusamala munasamala, kungoti munayesa ndi chinthu cholakwika.

Zimene anakuyalirani dzulo zisiyeni zonse pa kauntala. Supagulu amauma gwa n'kuthetheka akakhalitsa m'chinyezi. Wa kamfuti amasupuka mankhwala akafunda. Silikoni amagwira galasi lenileni, koma pa pulasitiki wanuyo amangosendeka ngati khungu la nthochi. Wa mapaipi ndi wa mapaipi.

Ngati mtima wanu udakali pa kathanki koonekera, pitani kwa mnzawo wa amuna anu uja. Olemba zikwangwani ali ndi mankhwala amadzimadzi amene amasungunula m'mphepete mwa zidutswa ziwiri kuti zikhale chinthu chimodzi. Amate yekha, panja, chifukwa fungo lake ndi loipa m'chifuwa, ndipo adule zidutswa zatsopano. Musanakhulupirire, mumupemphe amate tizidutswa tiwiri tapadera. Mutiviike m'mankhwala enieniwo, m'botolo la pulasitiki lotseka, kwa milungu iwiri, kenako muyese kuthyola ndi manja. Pakafewa kapena pakachita ming'alu, musagwiritse ntchito.

Koma inu milungu iwiri mulibe, ndipo kunena zoona, thanki yodalirika ndi imene ilibe pomata. Pezani chigubu chochindikala, chopapatiza, monga cha mafuta ophikira. Yang'anani pansi pake. Mukaona nambala 2 kapena 5 m'kati mwa kachizindikiro ka ngodya zitatu, chimenecho feriki sachidya. Chitsukeni, chidulidwe pamwamba, ndipo kabodi muzikatsitsa ndi ulusi wa pulasitiki, osati waya. Chigubucho chizikhala m'beseni lalikulu loti lingalandire mankhwala onse chitagwa. Mukamaliza ntchito, bwezerani mankhwala m'botolo la pulasitiki lokhala ndi chivindikiro cha pulasitiki, lembanipo kuti poizoni, ndipo mulikiyire kumene Ipyana sangafike. Musamawasiye m'thanki. Valani magolovesi, tetezani maso, ndipo chitsulo chilichonse chikhale kutali. Mankhwala otha ntchito musathire m'ngalande kapena m'dimba. Asungeni m'botolo lina, mufunse a zamagetsi kumene amataya awo.

Kwa Mayi Tumpale pitani nokha, ngati mwana kwa mayi. Musayambe ndi za sefuliya yatsopano. Khalani pansi, muwafunse za ukwati wawo uja, muwamvetsere mpaka amalize. Kenako muwaonetse chigubu ndi beseni, ndipo asankhe okha pamene zizikhala. Sefuliya yobooledwayo isaphikenso chakudya ngakhale wina ataiika chigamba.

Za amayi a kwaya, iwalani. Kufuna chipangizo chooneka bwino pa ntchito imene mumaikonda si tchimo, ndipo shelefu ija munaisankha awiri.

Tsopano amuna anu. Mwamuna sapita ku maenje chifukwa cha guluu. Wanuyo anagwada pamaso pa eni nyumba, amayi a m'dera lonse akuonerera, ndipo manyazi amenewo sanamuchoke. Choncho musakamuonetse chigubu chodulidwa kale ngati mwapambana mlandu. Anati samatanso kanthu, ndipo pano palibe choti amate. Jambulani kabodi kamodzi, ikani pambali pa chigubu, mumupatse mpeni adule yekha. Mumuuze ndi pakamwa panu kuti ntchitoyi mumaikonda ndipo maenje a ku Chunya mukuwaopa.

Chenjezo langa ndi ili. Akadula chigubu, kabodi n'kutuluka bwino, koma chikwama osabwerera pamwamba pa kabati, musathamangirenso ku sitolo kukafuna guluu wina. Pamenepo chomuvuta ndi china, mwina ntchitoyi siikudyetsa banja ndipo akuopa kukuuzani. Mufunseni sabata ino, muli awiri m'nyumba. Musadikire kukamufunsira pa siteji ya basi, chifukwa munthu amene wagwira tikiti m'manja samvanso.

Aphungu