Jekete Likadali Pamsomali

Loweruka, mwezi wa Juni. Kwazizira tsiku lonse, ndi kamvula kowaza.

Lero kunali chikondwerero kusukulu kumene ndinalondera pageti mpaka kukalamba. Ahedi akale ankakonda kunena kuti, "A Nyirenda, inu ndinu a m'banja lathu." Dzulo ndinasita jekete, ndipo lero ndakhala pakhonde kudikira kuti andiitane. Palibe wabwera. Ng'oma ndazimvera konkuno ku Masasa.

Madzulo mwana wanga Tamara anaimba foni ali ku Lilongwe. Nditamudandaulira, anaseka: "Adada, mwangokhala disillusioned basi." Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 5, choncho ndinakafunsa a Mkandawire, aphunzitsi opuma apafupi apa.

"Ndi pamene maso atseguka, n'kuona kuti zimene unkakhulupirira zinali zabodza," anatero. "Palinso liwu lina, disabused, pamene wina wakuchotsa m'bodzamo. Kondwani akulu, mwamasuka!"

Ndinangothokoza kuti yewo chomene, n'kubwerera kunyumba.

Kumasuka kwake n'kumeneku? Bodza lija ndi limene linkandidutsitsa pageti paja popita kumsika nditakweza dzanja, ngati munthu wodziwika. Tsopano popita kumsika ndizidzera kuti? Jekete likadali pamsomali. Ndimati ndilipinde, koma mwina Lolemba ahedi atsopanowa akumbukira kuti...