Kagalasi ka Amayi

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga msana uja ukuti bwanji? Kuno thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa basi chifukwa foni yanu ndimaidziwa, imalankhula ndi nyumba yonse, ndipo amayi makutu awo sanakalambe. Muwerengere kuchipinda.

Mumandiseka kuti Dokotala wa Mbewa chifukwa cha mbewa zathu zoyeserapo mankhwala, koma simunandifunsepo kuti ku labu kuja ndimachitako chiyani. Lero mumve, poti nkhani yagona pamenepo. Zotupa zambiri za m'bere zimakula ndi mahomoni a m'thupi mwa mayi mwiniwakeyo. Maselo a chotupa amakhala ndi timakomo tolandirira mahomoniwo, ndipo akalandira amayamba kuswana. Ife timafufuza timakomoto. Chotupa chikakhala nato, pali mapiritsi otitseka, munthu amamwera kunyumba. Chikakhala chopanda, mapiritsiwo ndi kutaya nthawi, pamafunika mankhwala a dilipi aja.

Kuti tione, timadula kanyama kopyapyala ka chotupacho, n'kuika pa kagalasi, n'kuthira mankhwala. Pamene pali timakomo pamasanduka bulauni. Pa kagalasi komweko timaikaponso kanyama kena kodziwika kale kuti kali nato, kongotsimikizira kuti mankhwala athu akugwira. Kameneko kamasanduka bulauni nthawi zonse.

Mukukumbukira kuti amayi atachitidwa opaleshoni ya chotupa cha m'bere anasaina pepala lopereka kachidutswa ka chotupa ku kafukufuku wathu, ati athandize ntchito ya mwana wawo. Zidutswazi zimatifika ndi nambala zokha, ndipo lamulo n'loti tisafufuze mwini wake. Achemwali, ine ndinafufuza. Abwana atasiya kabati yosakhoma popita kukadya, ndinatsegula faelo, ndinapeza nambala ya amayi, n'kuilemba pachikhatho ngati mwana wobera mayeso.

Lachisanu lija magalasi atauma ndinatenga ka amayi. Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikuika kanyama kotsimikizira pafupi ndi nambala, ka wodwala kumapeto, moti diso langa limathamangira lokha kumapetoko. Ndinasuzumira pa maikulosikopu, ndinaona bulauni yekhayekha. Mbali inayo sindinayang'ane n'komwe. Ndinatulukira m'khonde n'kuimbira amayi kuti asadandaule, ndaona ndi maso anga, adzangomwa mapiritsi basi.

Chimene ndinaiwala n'choti sabata imeneyo amene anadula tinyamato ndi Wamanzere, mnzanga wa pa tebulo limodzi, amene chilichonse amayambira kumene ife timathera. Iye amaika mosemphanitsa, ndipo amadontheza kadontho kofiira pambali pa kanyama kotsimikizira kuti tisasokoneze. Kadonthoko ndinali nditakaphimba ndi chala changa.

Dzulo pa msonkhano abwana ankaonetsa zithunzi pakhoma, nambala ndi nambala. Itafika ya amayi, kanyama kake kanali kotuwa mbuu. Anangoti aka kalibe timakomo ngakhale kamodzi, n'kupitirira. Apo m'pamene ndinazindikira kuti bulauni ndinaona uja anali wa kanyama kotsimikizira. Anthu atatuluka ndinaulula zonse, kwa abwana ndi kwa Wamanzere. Wamanzere anavala magulovu n'kudulanso kachiwiri pamaso panga. Lero m'mawa katuluka chimodzimodzi. Za ine ndi abwana zisakuvuteni, ndithana nazo ndekha.

Chondisowetsa mtendere ndi Lachinayi likubwerali, pamene amayi akukaonana ndi dokotala wawo. Chipatala chinayeza pachokha, ndipo dokotalayo adzawauza zomwe ine ndaona mochedwa, kuti ayambe dilipi msanga. Inu mukuwadziwa. Chionereni malemu bambo akusanza ndi kuthothoka tsitsi ndi mankhwala amenewa, analumbira kuti iwo m'thupi mwawo sadzalowa. Ndiye ine ndawapatsa chogwirira. Pa foni paja anaseka mpaka kutsokomola, n'kundiuza kuti, "Adokotala anene zawo, koma maso a mwana wanga sanama." Inuyo munandiuza kuti aneba onse amva kale.

Ndikuopa, achemwali. Ndikuopa kuti adzaimirira muofesi muja n'kunena kuti mwana wawo ndi wophunzira kuposa dokotala, n'kubwerera kunyumba kukadikira mapiritsi. Chotupa cha mtundu umenewu sichichedwa kubwerera. Miyezi imene iwo angathe akukana ndi yomweyo imene mankhwala akanagwira ntchito.

Pempho langa ndi ili. Amayi musawauze kanthu, ngakhale ndikudziwa kuti kusunga nkhani si luso lanu. Pakamwa pamene panalakwa ndi panga, amve kwa ine. Ndifika Lachiwiri masana. Ana muwatumize kwa aneba, alamu akapezeko chochita kwina, inu mukhale pambali pa amayi. Akakwiya musandiikire kumbuyo, asiyeni anditukwane mpaka atope. Akatero mulankhule ndinu, chifukwa kuyambira Lachiwiri mawu anga sadzalemeranso, ndipo Lachinayi m'mawa pafunika munthu amene angawakweze galimoto.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti mbewa zanga zikuwapatsa moni. Amayi muwauze kuti ndikubwera, zokhazo. Mulungu akusungeni nonse, atipatse mawu oyenera.

Pa foni paja amayi anandituma kabokosi ka mapiritsi kokhala ndi masiku a sabata, ndipo ndinagula tsiku lomwelo. Kali pa tebulo pano, sindibwera nako. Mawa ndikagula mpango wofewa wa kumutu. Munditumizire uthenga wa mawu amodzi okha, mtundu umene akukonda masiku ano, chifukwa maso anga sindikuwakhulupiriranso.

Ine mng'ono wanu,
Dokotala wa Mbewa